Chala chigunde kaye: kagwiridwe ka zala pomenya sitiraika pa carrom

Carrom ndi masewera a pa bolodi la ngodya zinayi lokhala ndi bowo pangodya iliyonse: mumamenya ndi chala kachimbale kotchedwa sitiraika kuti kagunde tizimbale tocheperapo totchedwa makoini, tilowe m'mabowo. Munthu akangoyamba kusewera carrom, madandaulo ake amakhala awiri: chikhadabo chikuwawa, ndipo sitiraika ikulowera kumene sanaitume. Ambiri amayesa kuti awa ndi mavuto osiyana, lina la chala chanthete, lina la diso losaloza bwino. Ayi ndithu, gwero lake ndi limodzi. Chala chikuchokera patali n'kudzawomba sitiraika. Chikayenda mtunda chisanafike, chimafika mokhota, ndiponso chimafika ndi ululu. Odziwa kusewera amayamba chikhadabo chitagunda kale sitiraika, kapena chitatsala pang'onong'ono, dzanja lonse litakhazikika pa bolodi osagwedezeka.

Masewerawa kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo, monga Sri Lanka, Bangladesh, Nepal, Pakistan ndi Maldives. Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, International Carrom Federation, linakhazikitsidwa mu 1988 ku Chennai, ndipo malamulo amene ndizitchula ndi a bungwe limeneli. Pa nkhani ya zala malamulowo sapanikiza munthu. Dzanja lililonse ndi lololedwa, lamanja kaya lamanzere, ndipo chala chingamenye chokha kapena mothandizidwa ndi chinzake. Chimene amakana ndi kukankha. Sitiraika imenyedwe ndi nsonga ya chala, osati kuperekezedwa ndi mkono.

Ndifotokoza ngati kuti mumasewera ndi dzanja lamanja. Ngati ndinu wamanzere, ingotembenuzani zonse.

Yambani ndi pokhala

Musanaganize za chala, onani mpando. Pa mpikisano bolodi limakhala pa tebulo kapena pa miyendo yake yotalika masentimita 63 mpaka 70, wosewera n'kukhala pa mpando wa masentimita 40 mpaka 50. Simukufunika kuyeza ndi tepi, koma cholinga cha miyeso imeneyi chimvetseni: mkono uzifika pa bolodi momasuka, phewa lisakwere m'mwamba, msana usapindike kwambiri. Mpando ukatalika, chala chimamenya sitiraika chotsikira pansi n'kuipanikiza pa bolodi. Ukafupika, chala chimailowa kunsi n'kuidumphitsa.

Khalani pakati pa mbali yanu. Nthawi yanu yomenya ikafika simuloledwa kusuntha mpando kapena kunyamuka, koma thupi mungathe kulitembenuza muli chikhalire. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu. Ngati koini imene mukufuna ili chakumanja, tembenuzani chiuno ndi mapewa mpaka mkono, dzanja ndi chala ziloze komweko. Osangopotoza dzanja lokha thupi likuyang'ana kwina, chifukwa dzanja lopotoka limafuna kubwerera mwakale nthawi yomweyo imene chala chikuchoka.

Pangodya zinayi za bolodi pali mivi yojambulidwa yoloza ku mabowo. Mizere ya miviyo muziiona ngati ikupitirira kunja kwa bolodi, ndipo malo anu ndi apakati pa mizere iwiri ya mbali yanu. Dzanja, kuyambira kuzala mpaka polumikizira ndi mkono, lingadutse mizereyo, koma chigongono ayi. Chigongono chisalowenso pamwamba pa malo osewerera. Dzanja limene silikusewera likhale pantchafu panu, lisagwire bolodi kapena tebulo.

Kenaka ikani sitiraika. Mbali yanu ili ndi mizere iwiri yoyenderana, ndipo sitiraika iyenera kukhudza yonse iwiri. Kumapeto kwa mizereyi kuli timabwalo tofiira. Kabwalo kotere mungakaphimbe konse ndi sitiraika kapena kukasiya osakakhudza, koma kukaphimba theka n'kulakwa. Sitiraika isakhudzenso mzere wa muvi. Mukaiika, ichotseni dzanja ikhale yokha. Musaigwirire ndi zala zina pamene chala chomenyera chikuchoka.

Kagwiridwe kolunjika

Aka ndiko koyenera kuphunzira poyamba, ndipo ndinganene kuti mpaka mutakazolowera bwino musavutike ndi kena.

Ikani chikhatho choyang'ana pansi kumbuyo kwa sitiraika. Popeza mizere yanu ili pafupi ndi felemu, mpanda wa thabwa wozungulira bolodi, tsinde la chikhatho limatsamira pa felemuyo kapena pa bolodi kumbuyo kwa mizere, malinga ndi kukula kwa dzanja lanu. Tsamirani ndithu, osangoyandamitsa. Chala chapakati, cha mphete ndi chaching'ono zitambasuleni pang'ono chakumanja kwa sitiraika, nsonga zake zigunde bolodi popanda kukhudza sitiraika. Zala zitatuzi ndi tsinde la chikhatho ndizo zogwira dzanja kuti lisasunthe. Sizimenya, koma zikalekerera ntchito yake, chala chomenyacho chimasochera.

Tsopano pindani chala chamkombaphala, nsonga yake ikodwe pa mnofu wa chala chachikulu. Zala ziwirizi zipange kabwalo. Chikhadabo cha chamkombaphala chiyang'ane kutsogolo, ndipo musendeze dzanja lonse mpaka chikhadabocho chigunde m'mphepete mwa sitiraika. Apa pali zinthu ziwiri zoti muyang'ane ndi maso, musangodalira kumva.

Choyamba, chikhadabo chigunde pakati penipeni pa kumbuyo kwa sitiraika. Ganizirani mzere wochokera pamene mukuloza, wodutsa pakati pa sitiraika n'kutulukira kumbuyo kwake. Pamene mzerewo watulukira ndi pamene pakhale chikhadabo. Masitiraika ambiri ali ndi zojambula zozungulira pamwamba, ndiye pakati pake sipavuta kupaona. Mukagunda chakumanja pang'ono, sitiraika imapatukira kumanzere ikuzungulira. Mukagunda chakumanzere, imapatukira kumanja. Kulakwitsa kwa mamilimita awiri pano kumakhala kwakula kale sitiraika ikamafika tsidya lina, chifukwa malo osewerera ndi pafupifupi masentimita 74 mbali iliyonse.

Chachiwiri, chala chonse chigone mu mzere womwewo. Yang'anani kuchokera pamwamba: mfundo ya chala, chikhadabo, pakati pa sitiraika ndi pamene mukuloza zikhale pa mzere umodzi. Ubwino wa kagwiridwe kolunjika uli pomwepa. Chala chikamawongoka chimayenda mokweza, kuchoka pansi kupita m'mwamba, koma sichipatukira kumbali. Ndiye ngati mwachiloza bwino musanamenye, chilibe kwina kopita.

Mukatero, kankhirani chamkombaphala pa chala chachikulu ngati chikufuna kutuluka, chachikulu chikuchiletsa. Mphamvu imasonkhana pamenepo, monga muja umakhalira msampha wotchera kale. Kumenya ndiko kungochilola chipulumuke. Simuponya dzanja, simugwedeza chigongono. Chala chifwamphuke, chiwongokere kutsogolo, chithere chikuloza kumene sitiraika yapita. Dzanja likhalebe pomwepo mpaka sitiraika itagunda koini. Anthu ambiri amafulumira kulichotsa kuti aone zotsatira, ndipo kufulumira kumeneko kumayamba chala chisanamalize ntchito.

Maso aziyang'ana kuti? Poika chala, yang'anani sitiraika. Mukatsimikiza kuti chikhadabo chili pakati, kwezani maso muyang'ane pamene mukufuna kugunda, ndipo mumenye maso ali pamenepo.

Kagwiridwe kameneka kali ndi mitundu ina iwiri imene muyenera kuiyesa. Wina ndi wosakola chala konse. Chala chachikulu chimatsamira pa bolodi kumanzere kwa sitiraika, chapakati kumanja, chamkombaphala chili pakati, chopinda, chikhadabo chitagunda. Kenaka mumangochiwongola. Mphamvu yake ndi yochepa, koma mumailamulira bwino kwambiri, chifukwa palibe chimene chikupulumuka mwadzidzidzi. Pa koini imene ili pafupi, kapena pamene mukungofuna kusendeza koini yanu ikatseke bowo, njira iyi imaposa ija yokola.

Mtundu wina ndi womenya ndi chala chapakati. Chimakodwa pa chala chachikulu chimodzimodzi, chamkombaphala n'kutambasukira kumanzere, cha mphete ndi chaching'ono kumanja. Chala chapakati ndi chachitali ndipo chili pakati pa dzanja, choncho anthu ambiri amaona kuti chimalozeka mosavuta komanso chimamenya mwamphamvu. Kodi chabwino n'chiti? Palibe chimene chimapambana kwa aliyense. Manja amasiyana. Yesani zonse ziwiri madzulo amodzi, muone chimene chikubweza sitiraika molunjika pa mayeso amene ndifotokoze m'munsimu, musankhe chimenecho basi. Choipa ndi kusinthasintha, lero ichi mawa icho, makamaka kusintha chifukwa choti mwaphonya kawiri motsatizana. Chala chimaphunzira mwa kubwereza, ndipo mukachisintha mumayambiranso pachiyambi.

Za ululu uja. Ngati chikhadabo chikuwawabe, pali mpata pakati pa icho ndi sitiraika, ngakhale inu mukuona ngati palibe. Kawirikawiri munthu amagunditsa bwino, koma posonkhanitsa mphamvu chala chimabwerera m'mbuyo osadziwa. Sonkhanitsani mphamvu kaye, kenaka musendeze dzanja kuti chikhadabo chigunde. Wengani chikhadabo chikhale chachifupi, chofanana ndi nsonga ya chala. Chachitali chimapindika pomenya ndipo chimatha kung'ambika.

Mwina mufunsa kuti, ngati chala chagunda kale, kumeneko si kukankha kumene malamulo amakana? Ayi. Kukankha ndi pamene chigongono kapena mkono wagwedezeka kupita kutsogolo n'kunyamula sitiraika. Ngati tsinde la chikhatho lili pomwe linali ndipo chayenda ndi chala chokha, mwamenya molondola. Apanso mukuona phindu la kutsamira.

Mphamvu

Sitiraika yololedwa pa mpikisano siposa magalamu 15, pamene koini imalemera magalamu asanu ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Ndiye kuti sitiraika imalemera pafupifupi katatu kuposa koini. Zotsatira zake n'zakuti ikagunda koini pamphumi, siima. Imapitirira kutsogolo, kutsatira koiniyo. Bowo ndi lotambalala masentimita 4.45, sitiraika siposa masentimita 4.13, choncho imakwana bwinobwino. Mukamenya mwamphamvu koini imene ili molunjika ndi bowo, musadabwe kuona zonse ziwiri zikugwera limodzi. Sitiraika ikagwa mumalipira: koini yanu imodzi imene inalowa kale imabwerera pa bolodi.

N'chifukwa chake mphamvu yoyenera ndi imene ingofikitsa koini m'bowo, osapitirira. Koini yoyenda pang'onopang'ono ikakhudza pakamwa pa bowo imagweramo, kapena imatsala pomwepo n'kutsekera mnzanu njira, zomwenso ndi phindu. Yothamanga kwambiri imanjanja n'kukathera kutali, mwinanso kumbuyo kwa mizere yanu kumene kuichotsa kumavuta.

Mphamvu musamaisinthe posuntha chala kuchoka pa sitiraika. Mpata ukhale womwewo nthawi zonse, ndiko kuti palibe. Chosintha ndi mmene chamkombaphala chikukanikizira pa chachikulu, ndi pamene chakodwa. Chikakodwa kunsonga kwenikweni kwa chachikulu chimapulumuka msanga ndipo mphamvu imachepa. Chikakodwa mkati, chakumfundo, chimachedwa kupulumuka ndipo chimatuluka mwaukali. Dzipezereni milingo itatu, wofatsa, wapakati ndi wamphamvu, muidziwe mpaka chala chizichita chokha. Masewera ambiri amathera pa wofatsa ndi wapakati.

Mmene mungadziyesere

Chotsani makoini onse pa bolodi. Ikani sitiraika pakati pa mizere yanu, mulozetse pakati pa felemu ya tsidya lina, mumenye ndi mphamvu yapakati, dzanja mulisiye pomwepo. Ngati mwamenya molunjika, sitiraika inanjanja n'kubwerera pa chala chanu. Ikabwerera chakumanja kapena chakumanzere, onani ngati ikulakwira mbali imodzimodzi nthawi zonse. Ikatero, vuto ndi poika chikhadabo kapena dzanja lopotoka, ndipo limakonzeka msanga. Ikamalakwira uku ndi uku, dzanja likugwedezeka. Tsamirani kwambiri ndipo chepetsani mphamvu. Yang'ananinso zojambula za pamwamba pa sitiraika pamene ikuyenda. Zikamazungulira, simunagunde pakati.

Mukatha apo, yesani kulowetsa sitiraika yokha m'mabowo awiri akutali, kuchokera malo osiyanasiyana pa mizere. Popeza imangokwana m'bowo ndi mpata wa mamilimita atatu okha, mayeso awa sanama. Kenaka yesani milingo ya mphamvu: imenyeni kuti ikaime pabwalo lapakati, kenaka ikangokhudza felemu ya tsidya lina n'kuima pomwepo, kenaka ipite n'kubwerera pa mizere yanu.

Ngati sitiraika ikukakamira panjira, mwina vuto si chala. Malamulo amati pa bolodi labwino, sitiraika ya magalamu 15 ikamenyedwa ndi mphamvu zonse iyenera kudutsa bolodi katatu ndi theka. Ngati lanu silikufika pamenepo ngakhale mutathira paudala wotereretsa bolodi, mudzazolowera kumenya mopitirira muyeso, ndipo tsiku limene mudzakhale pa bolodi loterera mudzavutika.

Koini imene sili molunjika

Kawirikawiri sitiraika, koini ndi bowo sizikhala pa mzere umodzi, ndipo muyenera kugunda koini cham'mbali. Kagwiridwe sikasintha. Chikhadabo chikhalebe pakati pa sitiraika. Ndikunena izi chifukwa ambiri akafuna kuti koini ipite kumbali amayamba kupotoza chala kapena kugunda sitiraika chapambali, poganiza kuti ikakhota yokha. Chimene chimasintha ndi polozera basi.

Koini imachoka motsatira mzere wodutsa pakati pa sitiraika ndi pakati pa koiniyo pa nthawi imene zagundana. Choncho yambani ndi bowo. Tambasulani mzere m'maganizo kuchokera pakati pa bowo, udutse pakati pa koini, utulukire kumbuyo kwake. Tsopano ganizirani sitiraika itakhala pa mzere umenewo, itagundana ndi koini. Pakati pa sitiraika yongoganizirayo ndi pamene mulozetse chala chanu. Malowa ali kunja kwa koini, pa bolodi popanda kanthu, pafupifupi masentimita atatu ndi theka kuchokera pakati pa koini.

Cholakwika chofala ndi kulozetsa chala pa malo amene mukufuna kuti zigundane, m'mphepete mwa koini. Sitiraika ndi yotambalala, ndiye mbali yake imafika msanga n'kugunda koini mokhuthala kuposa mmene mumafunira, koini n'kulephera kukhota mokwanira. Dziwaninso kuti mukamagunda mopyapyala kwambiri, koini imalandira mphamvu yochepa, yambiri imapitirira ndi sitiraika. Apa ndi pamene mlingo wamphamvu uja umagwira ntchito, koma yang'aniranitu kumene sitiraika ikathere, kuti isakagwere m'bowo lina.

Sizasi

Kagwiridwe aka, kamene zala ziwiri zimapingasana ngati sizasi yodulira nsalu, n'kamene kamakopa anthu oonerera, chifukwa kamalira mokoma ndipo kamamwaza makoini. Dzanja limagona chopingasa, chikhatho pansi, zala zikuloza kumanzere. Chala chapakati chigone pa bolodi kumbuyo kwa sitiraika, mbali ya nsonga yake itagunda pakati pa sitiraikayo. Chamkombaphala chikwere pamwamba pa chapakati n'kuchikokera kwa inu. Cha mphete ndi chaching'ono zipindeni kapena zitukuleni kuti zisatchinge njira. Chala chachikulu ndi tsinde la chikhatho zitsamire pansi. Chapakati chizikankhira kutsogolo, chamkombaphala chikuchiletsa, kenaka chipulumuke.

Mphamvu yake ndi yambiri, n'chifukwa chake osewera ena amene amamenya molunjika masewera onse amatembenukira ku sizasi pomwaza mulu wa makoini poyambira. Koma dziwani chimene mukugula. Pano chala sichiyenda mokweza ngati muja. Chimayenda mozungulira pamwamba pa bolodi, chifukwa chamangika kumfundo kwake. Njira imene sitiraika itenge imadalira pamene chala chafika pa kuzungulira kumeneko nthawi imene sitiraika ikuchoka. Ngati chala chinayamba chitakokedwa m'mbuyo kwambiri, sitiraika ipatukira mbali ina. Ngati yachedwa kuchoka, ipatukira mbali inzake. Mankhwala ake ndi omwe aja, koma pano ndi ofunika koposa: chala chigunde kaye, ndipo chigone mopingasa ndendende ndi njira imene mukufuna.

Alipo osewera aluso amene amagwiritsa ntchito sizasi pa kumenya kulikonse ndipo saphonya wamba. Sindikutsutsa zimenezo. Koma kwa amene akuphunzira kumene, ndimaona kuti sizasi imapatsa chimwemwe cha phokoso msanga, kulondola n'kumachedwa. Isungireni pomwaza ndi pomenya cham'mbuyo mpaka kagwiridwe kolunjika katakhazikika.

Pomwaza, musangoganiza za mphamvu. Amene akumwaza ndiye mwini makoini oyera, ndipo phindu la kumwaza ndi kulowetsa ina mwa iwo kuti apitirize kusewera. Sitiraika ikadumpha n'kutuluka pa bolodi, ndiye kuti chala chailowa kunsi. Chigonekeni bwino, chigunde pakati pa kukhuthala kwa sitiraika.

Makoini a kumbuyo kwa mizere

Koini ikakhala kumbuyo kwa mizere yanu kapena pambali penipeni, kagwiridwe kolunjika sikangaifike mwachindunji, chifukwa dzanja silingapindike chotero chigongono chili m'malo mwake. Muli ndi njira ziwiri. Ina ndi kumenyetsa sitiraika pa felemu ya tsidya lina kuti ibwerere idzagunde koiniyo, ndipo apa mayeso aja obweza sitiraika pa chala amakulipirani. Ina ndi kumenya cham'mbuyo mwachindunji. Malamulo a bungwe lija amalola zimenezi, kuphatikizapo kumenya ndi chala chachikulu, koma m'nyumba zambiri anthu ali ndi malamulo awoawo oletsa. Gwirizanani musanayale makoini, osati kwini, koini yofiira, atatsala yekha pa bolodi.

Pomenya ndi chala chachikulu, dzanja limadutsa sitiraika n'kukakhala kutsogolo kwake kapena kumanja kwake. Fumbatani pang'ono, zala zinayi zitsamire pa bolodi. Nsonga ya chala chachikulu ikodwe kunsi kwa chamkombaphala, chikhadabo chake chigunde sitiraika kumbali yotalikirana ndi koini. Kenaka chifwamphuleni. Chala chachikulu cha kumanja chimatulukira kumanzere, ndipo mukatembenuza dzanja kuti zala ziloze kumanzere chimatulukira kwa inu. Choncho chimayenera bwino bowo lapafupi la kumanzere kwanu. Chala chimenechi ndi champhamvu kuposa mmene mukuchiganizira, pamene mtunda wake ndi waufupi kwambiri. Menyani mofatsa. Masitiraika ambiri amagwera m'bowo pa kumenya kotere.

Bowo lapafupi la kumanja lili ndi njira zake. Mungagwiritse ntchito chala chachikulu cha dzanja lamanzere, popeza kusintha dzanja n'kololedwa, ndipo sizitenga nthawi kuchiphunzitsa chifukwa mtunda ndi wochepa. Kapena mungagwiritse ntchito sizasi ya dzanja lamanja: zala ziloze kutsogolo chakumanja, sitiraika ikhale kumanja kwa chala chapakati, ndipo chikapulumuka chimaitumiza kumanja cham'mbuyo. Sizasi imathanso kutembenuzidwa, chapakati n'kukwera pamwamba pa chamkombaphala. Zikatero chomenya ndi chamkombaphala, ndipo chimatulukira mbali ya chala chachikulu, zomwe zimathandiza anthu amene chala chawo chachikulu sichilozeka bwino.

Pa kumenya konse kwa cham'mbuyo dzanja limalowa mkati mwa bolodi, pamene pali makoini ena. Onani pamene mukutsamira zala musanazitsitse, chifukwa kusuntha koini ndi dzanja ndi faulo. Onaninso chigongono, chifukwa pofunafuna ngodya yabwino chimatuluka kudutsa mzere wa muvi inu osazindikira. Ngati malo otsamira palibe, ndi bwino kusiya njira imeneyi n'kumenyetsa pa felemu kusiyana ndi kumenya dzanja lili m'malere.

Thukuta ndi paudala

Chikhatho chonyowa chimasiya chinyezi pomwe mumatsamira, ndipo pamenepo ndi pafupi ndi mizere imene sitiraika imanyamukira. Paudala akakumana ndi chinyezi amaundana, sitiraika n'kumachoka monyinyirika. Thukuta limasokonezanso pokola chala: pena chimaterereka nthawi isanakwane, pena chimamatirira. Khalani ndi kansalu kouma pantchafu, muzipukuta zala ndi kunsi kwa sitiraika nthawi ndi nthawi.

Paudala athiridwe pang'ono ndipo amwazike bwino ponseponse. Akachuluka amaunjikana m'mphepete mwa felemu n'kuimitsa makoini m'malo mowatereretsa. Amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kale ndi wa boric acid. Ameneyu si wodya, choncho musaike zala pakamwa kapena m'maso mukusewera, sambani m'manja mukamaliza, ndipo musungeni patali ndi ana aang'ono.

Ngati mungathe, khalani ndi sitiraika yanuyanu. Masitiraika amasiyana kulemera ndi kusalala kwake, ndipo milingo itatu ya mphamvu imene chala chanu chaphunzira yaphunziridwa pa sitiraika imodzi. Posankha, iyendetseni pa bolodi muone ngati kunsi kwake kuli kosalala, kopanda zokanda, ndipo m'mphepete mwake musakhale mobenthuka, chifukwa pamenepo ndi pogunda chikhadabo chanu.